Moto Wosaoneka wa Pansi pa Nyanja ndi Mbiri ya Miyeso Yake

Munthu akafika ku Chembe m'mwezi wa Okutobala dzuwa lili paliwombo, safunika kuuzidwa tanthauzo la kutentha. Mchenga umaotcha mapazi kotero kuti ngakhale ana obadwira pomwepo amathamangira m'madzi. Usipa woyanikidwa pathandala umauma tsiku lisanathe, ndipo matanthwe a pa chilumba cha Thumbi amakhala ofunda mpaka usiku. Kutentha kumeneku n'kochokera kumwamba. Koma pali kutentha kwina kochokera pansi, m'mimba mwa dziko, kumene kumakwera mwakachetechete usana ndi usiku kudzera m'miyala ndi m'matope a pansi pa nyanja. N'kochepa zedi, kotero kuti phazi la munthu silingakumve. Anthu anatenga zaka zoposa zana asanapeze njira yokuyezera, ndipo ataipeza anayamba kulemba zotsatira zake m'miyeso yosiyanasiyana, wina uku wina uku, mpaka nambala za katswiri mmodzi zinafunika womasulira kuti mnzake azimve.

Dzina lachizungu la malowa, Cape Maclear, ndi la munthu amene ntchito yake inali kuyeza. David Livingstone anaona nyanja yathu koyamba m'chaka cha 1859, ndipo atabweranso ndi bwato mu 1861 anatcha ndomo imeneyi dzina la bwenzi lake, Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Maclear ndiye ankawongolera mawerengero a Livingstone osonyeza pamene mitsinje ndi mapiri zili. Azungu a masiku amenewo ankayenda ndi miyeso ya kwawo m'thumba: mafiti, mayadi, mamailo, mapaundi ndi madigiri a Fahrenheit. Atumwi a mishoni ya Livingstonia, amene anafika pano ndi sitima ya Ilala mu Okutobala 1875, anabwera ndi miyeso yomweyo. Malungo amene anapha anzawo angapo, nawachititsa kusamukira ku Bandawe mu 1881, madokotala a nthawiyo ankawayeza m'madigiri a Fahrenheit. Wodwala amene lero timati thupi lake lafika madigiri 40, iwo ankalemba 104.

Tisaganize kuti makolo athu analibe miyeso. Nsalu ndi khoka ankayeza ndi mkono kapena mkwamba, ufa ndi lichero, ulendo ndi masiku ogona panjira. Mayi wofulula mowa ankadziwa ndi chala ngati phala lazizira mokwanira kuthiramo chimera. Miyeso yotere inkakwanira pamudzi, pamene wogula ndi wogulitsa ankaonana maso ndi maso. Vuto lake ndi lakuti mkono wa munthu wamtali si wofanana ndi wa munthu wamfupi, ndipo chala sichilemba nambala yoti mdzukulu adzaiwerenge.

Tisanapitirire, tiyeni tisiyanitse zinthu zitatu zimene m'chinenero chathu timazitchula ndi liwu limodzi lakuti kutentha. Choyamba ndi ukali wa kutentha, umene timayeza m'madigiri. Chachiwiri ndi kuchuluka kwa kutentha: khala limodzi lamoto ndi laukali kuposa mtsuko wa madzi osamba, koma mtsukowo wasunga kutentha kochuluka kuposa khalalo. Chachitatu ndi liwiro limene kutentha kukutulukira pa sekondi iliyonse. Taganizirani za mjigo: ndowa yodzaza ndi kuchuluka kwa madzi, koma kufulumira kwa kudzaza kwake ndi nkhani ina. Chachitatuchi ndicho mutu wa nkhani yathu.

Ku France, cha m'ma 1820, Nicolas Clément anayamba kugwiritsa ntchito muyeso wotchedwa kalori. Kalori yaing'ono, imene akatswiri a sayansi anadzaizolowera pambuyo pake, ndi kutentha kokwanira kukweza galamu imodzi ya madzi ndi digiri imodzi ya Celsius. Angerezi nawo anakonza wawo, British thermal unit, mwachidule Btu, umene ndi kutentha kokweza paundi imodzi ya madzi ndi digiri imodzi ya Fahrenheit. Pa za mphamvu ya makina, James Watt anali atayerekeza kale injini zake ndi akavalo, nakhazikitsa muyeso wa hosipawa. Motero kutentha kunali ndi miyeso yake, ntchito ya makina inalinso ndi yake, ndipo ambiri ankaona ngati ziwirizi n'zosagwirizana.

Amene anazilumikiza ndi James Prescott Joule, mwana wa mwini fakitale yofulula mowa wa kufupi ndi mzinda wa Manchester. Ine ndimakhulupirira kuti ntchito ya atate wake inamuthandiza, pakuti wofulula mowa, kaya ndi wa ku Ulaya kaya ndi wa ku Nankumba, amadziwa kuti kutentha kukapyola pang'ono mowa wonse wasasa. Joule anamangirira chitsulo cholemera ku chingwe, chimene potsika chinkazungulitsa zopalasira m'chitini cha madzi, monga mayi apukusira phala ndi mpukuso. Madziwo ankafunda ndi mlingo wosakwana ngakhale digiri imodzi, koma iye anauyeza mobwerezabwereza kwa zaka zingapo. Mu 1850 analengeza kuti ntchito yokweza mapaundi 772 m'mwamba futi imodzi ndi yofanana ndi Btu imodzi. Kuyambira pamenepo zinadziwika kuti kutentha ndi ntchito ndi chinthu chimodzi chovala malaya awiri. Lero muyeso wa zonsezi ndi joule, ndipo joule imodzi pa sekondi ndiyo wati. Kalori imodzi ndi ma joule 4.184, Btu imodzi ndi pafupifupi 1,055, ndipo hosipawa imodzi ndi mawati pafupifupi 746.

Za moto wa m'mimba mwa dziko anayamba kuzindikira ndi anthu okumba migodi, amene ankaona kuti akamatsika pansi thukuta limachuluka. Mu 1862 William Thomson, amene anadzatchedwa Lord Kelvin, anatenga mawerengero a m'migodi, akuti kutentha kumakwera digiri imodzi ya Fahrenheit pa mafiti 50 alionse, nayesa kupeza zaka za dziko lapansi. Iye ankaganiza kuti dziko lili ngati mbatata yochotsedwa pamoto imene ikungozizira. Anapeza kuti zaka zake zili pakati pa mamiliyoni 20 ndi mamiliyoni 400. Masamu ake anali olondola, koma maziko ake anali operewera. Sanadziwe kuti miyala ya pansi kwambiri imayenda pang'onopang'ono n'kumanyamula kutentha, ndiponso kuti m'miyala muli zinthu zimene zimatulutsa kutentha pazokha. Mu 1903 Pierre Curie ndi Albert Laborde anapeza kuti galamu imodzi ya radium imatulutsa makalori pafupifupi 100 pa ola popanda nkhuni kapena mafuta. Tikasandutsa, makalori 100 ndi ma joule 418, ndipo tikagawa ndi masekondi 3,600 a mu ola tipeza mawati 0.12. Kanambala kochepa chotero kanathandiza kugwetsa mawerengero a munthu wotchuka ngati Kelvin. Lero tikudziwa kuti dziko lili ndi zaka pafupifupi mamiliyoni 4,500.

Tsono kutentha kotuluka pansi amakuyeza bwanji? Lamulo lake analongosola Joseph Fourier mu 1822. Pafunika kudziwa zinthu ziwiri: kusiyana kwa madigiri pakati pa malo apamwamba ndi apansi, ndiponso m'mene dothi kapena mwalawo umalolera kutentha kudutsa. Ukachulukitsa ziwirizi wapeza yankho. Pamtunda ntchitoyi ndi yovuta, chifukwa dzuwa ndi nyengo zimasokoneza nthaka mpaka mamita ambiri, kotero pamafunika chitsime chakuya. Koma pansi pa madzi akuya sipafika dzuwa kapena mphepo. Cha m'ma 1950 Edward Bullard ndi anzake anakonza mkondo wachitsulo wotalika mamita angapo, wokhala ndi tizipangizo toyezera kutentha m'litali mwake. Ankautsitsa ndi chingwe kuchokera m'sitima kuti ulase matope, n'kuudikira kanthawi, kenaka n'kuukoka. Mu 1959 Richard Von Herzen ndi Arthur Maxwell anasonyeza njira yachangu yoyezera matopewo pogwiritsa ntchito kasingano kotenthetsedwa ndi magetsi.

Nyanja yathu inakopa akatswiri amenewa pa zifukwa ziwiri. Poyamba, ili m'chigwa chachikulu cha Rift Valley, pamene nthaka ya Afrika ikung'ambika pang'onopang'ono. Umboni wake tili nawo: akasupe otentha a ku Chiweta ndi a Mawira ku Nkhotakota, zivomezi za ku Karonga za mu Disembala 2009, ndi chija cha ku Salima cha mu Malichi 1989, chimene ine ndinachimva ndili mphunzitsi wachinyamata, malata a nyumba akulira ngati kwagwa matalala. Pamalo ong'ambika chotere munthu angayembekeze kuti kutentha kutuluke kochuluka. Chachiwiri, nyanjayi ndi yakuya, mamita pafupifupi 700 chakumpoto, ndipo madzi a pansi pa mamita 250 sasakanizika kwenikweni ndi apamwamba. Alibe mpweya woti nsomba n'kupuma, ndipo amakhala pa madigiri 22 kapena 23 chaka chonse. Kuno ku Chembe madzi ndi osaya poyerekeza ndi kumpoto. Mwera ukaomba pakati pa Meyi ndi Ogasiti, umakankhira madzi ofunda kumpoto, ndipo ozizira a pansi amakwera kumwera kuno atanyamula chakudya cha tizilombo timene usipa ndi utaka zimadya. Zimenezi n'zokomera msodzi, koma kwa woyeza ndi chisokonezo, chifukwa matope amafunda ndi kuzizira motsatira nyengo. Mkondo uja umafuna malo akuya ndi abata.

Mu 1967 Von Herzen yemweyo pamodzi ndi Victor Vacquier anasindikiza zotsatira za miyeso 20 imene anachita pansi pa nyanja ya Malaŵi, m'magazini ya Journal of Geophysical Research. Nambala zawo anazilemba m'muyeso umene unali wozolowereka masiku amenewo: maikolokalori pa sikweya sentimita pa sekondi. Maikolokalori imodzi ndi gawo limodzi la magawo miliyoni a kalori. Popeza dzinali n'lalitali, akatswiri ankangoti heat flow unit, mwachidule HFU. Anapeza kuti chakumpoto kutentha kotuluka kunali pafupifupi 0.5, chakumwera pafupifupi 0.7, koma m'chigawo china chapakati kunaposa 2. Masiku amenewo ankati dziko lonse, pongolinganiza, limatulutsa pafupifupi 1.5. Zinali zodabwitsa ndithu kuti nsonga ziwiri za nyanja ya m'chigwa chong'ambika zinasonyeza zochepera theka la mlingo umenewu.

Pamene iwo ankalemba, dziko linali litayamba kale kusintha miyeso. Msonkhano wa mayiko woona za miyeso unagamula mu 1948 kuti joule ndiyo ikhale muyeso wa kutentha, ndipo mu 1960 unakhazikitsa dongosolo la SI limene mumaphunzira lero. Koma chizolowezi sichifa ndi chikalata. Panapita zaka akatswiri a nthaka asanasiye HFU n'kuyamba kulemba mamiliwati pa sikweya mita. Ifenso kwathu kuno kusintha tinakuona. Ndinali mwana wa kupulayimale pamene mapaundi ndi masheleni analowedwa m'malo ndi kwacha ndi tambala mu 1971, ndipo bungwe la Malawi Bureau of Standards linakhazikitsidwa chaka chotsatira. Komabe mpaka lero mmisiri wa matabwa amagula misomali ya mainchesi atatu, ndipo mlimi amanena za maekala.

Tsopano tengani pensulo, pakuti apa mpamene pagona nkhani. Maikolokalori imodzi ndi ma joule 0.000004184. Iyi ndi ya pa sikweya sentimita imodzi, kamalo konga chikhadabo cha chala. Mu sikweya mita imodzi muli masikweya sentimita 10,000. Tikachulukitsa tipeza ma joule 0.04184 pa sekondi, ndiwo mawati 0.04184. Popeza wati imodzi ili ndi mamiliwati 1,000, HFU imodzi ndi mamiliwati 41.84 pa sikweya mita. Motero 0.5 ya kumpoto ndi mamiliwati 21, 0.7 ya kumwera ndi 29, ndipo 2 ya pakati ndi 84. Mmisiri wa ku America, amene amawerengabe ma Btu pa ola pa sikweya futi, 0.7 yomweyo angailembe 0.009, chifukwa muyeso wake umodzi ndi mawati 3.155 pa sikweya mita. Taonani: 0.7, 29 ndi 0.009. Nambala zitatu, kutentha kumodzi, matope omwewo.

Pa zaka zonse zimene ndinagwira choko, malo amene ophunzira ankapunthwa kawirikawiri ndi pa 10,000 paja. Mwana amadziwa kuti mita ili ndi masentimita 100, ndiye amachulukitsa ndi 100, kuiwala kuti bwalo lili ndi litali ndi lifupi. Mtsikana wina wanzeru zedi anatsutsana nane za ichi mpaka belu linalira. Mawa lake ndinajambula sikweya mita pansi pa mtengo, ndinamuuza kuti ayale njere za chimanga mzere umodzi m'mphepete, njere imodzi pa sentimita iliyonse. Atamaliza njere 100 anaona kuti bwalo lonse likadali pululu, ndipo anaseka yekha. Kulakwitsa kotere kumachepetsa yankho ka 100, ndipo popeza nambala zake n'zazing'ono kale, palibe chimene chimakuchenjeza. Wina akakuuza kuti chambo chimodzi chikulemera makilogalamu 100 umadziwiratu kuti wanama, koma ndani angamve m'thupi mwake kusiyana kwa mamiliwati 29 ndi 0.29?

Msampha wina uli pa liwu lakuti kalori. Kalori yolembedwa pa mapaketi a zakudya ndi yaikulu, yofanana ndi makalori aang'ono 1,000. Ndiponso kalori yaing'onoyo ilipo ya mitundu ingapo: ina ndi ma joule 4.184, ina ndi 4.1868, n'chifukwa chake mabuku ena amati HFU ndi 41.84 pamene ena amati 41.87. Kusiyana kumeneku kusakudetseni nkhawa. Muyeso wotengedwa ndi mkondo wolendewera pa chingwe cha mamita mazanamazana sungakhale wolondola mpaka nambala yachinayi. Wophunzira amene amakopera manambala asanu ndi atatu onse a pa kakyuleta amaoneka wakhama, koma akunena zoposa zimene akudziwa. Ndipo akatswiri enieni nawo amapunthwa. Mu 1999 chombo cha Mars Climate Orbiter chinatayika chitafika kale ku Mars, chifukwa gulu lina linkapereka nambala m'miyeso ya mapaundi pamene linzake linkaziwerenga ngati za SI.

Nanga n'chifukwa chiyani nsonga za nyanja zinaoneka zozizira? Chifukwa chimodzi ndi matope. Mitsinje imatsitsa dothi chaka ndi chaka, tizamoyo takufa timagwera pansi, ndipo bulangete latsopanoli limayamba lamwa kutentha lisanakupititse pamwamba. Pamene matope akuunjikana mofulumira, mkondo umawerenga zochepa kuposa zimene zikuchokeradi m'miyala. Chinanso ndi madzi. Ngati madzi a pansi akufunda, amafunditsa matope apamwamba, ndipo kusiyana kwa madigiri kumene mkondo umadalira kumachepa. Taonani kuchepa kwa zimene zikuyezedwa: m'matope otere HFU imodzi imatanthauza kusiyana kwa madigiri pafupifupi 0.06 pa mita imodzi. Kafukufuku wosindikizidwa mu 2005 anasonyeza kuti madzi akuya a nyanjayi anafunda ndi madigiri pafupifupi 0.7 pa zaka 60. Chaka chomwecho akatswiri anaboola pansi pa nyanja ali pa sitima ya Viphya, natulutsa matope osonyeza kuti kalekale nyanjayi inaphwapo ndi mamita mazana angapo. Aliyense wofuna kuyerekeza zopezedwa masiku ano ndi za 1967 ayenera kudutsa pa mlatho uja wa 41.84.

Mwina wina afunsa kuti mamiliwati 29 ali ndi ntchito yanji kwa munthu wa ku Chembe. Tiyerekeze. Dzuwa la masana limaponya mawati pafupifupi 1,000 pa sikweya mita, kuposa kutentha kwa pansi kuja koposa ka 30,000. Munthu amene amadya makalori aakulu 2,000 pa tsiku amatulutsa mawati pafupifupi 100, ndiye kuti inu nokha, muli khale pa desiki, mukutulutsa kutentha kofanana ndi kwa theka la bwalo la mpira la matope a kumwera kwa nyanja. Koma tiyang'anenso mbali inayo. Nyanja yonse ndi yaikulu masikweya kilomita oposa 29,000. Tikangoyerekeza kuti paliponse pakutuluka HFU imodzi, zonse pamodzi ndi mamegawati oposa 1,200, pamene makina a pa Shire, a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, onse pamodzi sapyola 400. Nambala imeneyi ingasokeretse munthu wopupuluma. Kutentha komwazikana chotero sikungatoleredwe, monga sungatunge mame a m'dambo lonse kuti udzaze mtsuko. Ntchito ya miyesoyi ndi kuloza pamene moto wasonkhana pafupi ndi nthaka. Ku Kenya, m'chigwa chomwechi, malo otere anawapeza ku Olkaria, ndipo anayamba kupanga magetsi a nthunzi ya pansi mu 1981. Kwathu kuno funsoli linamveka mwamphamvu mu Januwale 2022, pamene namondwe Ana anawononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Boma likafuna kudziwa ngati kuboola pa Chiweta kungapindule, liyenera kusonkhanitsa malipoti akale ndi atsopano, ena olembedwa m'makalori ena m'mawati, ndipo kalaliki mmodzi wosokoneza 100 ndi 10,000 angachititse kuti malo abwino asiyidwe kapena kuti ndalama za msonkho zithere m'dzenje lozizira.

Mudzi wa Chembe uli m'kati mwa Lake Malawi National Park, nkhalango yotetezedwa imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984. Nkhuni zophikira ndi zowambira nsomba zakhala nkhani yovuta pakati pa mudzi ndi oyang'anira nkhalango, ndipo amayi amakwera mapiri m'mamawa kukatola mitolo imene amatsika nayo pamutu dzuwa litakwera. Kuwiritsa lita imodzi ya madzi kuchokera pa madigiri 25 kufika pa 100 kumafuna ma joule 313,800. Pa mafuwa, ndi nkhuni zouma bwino, ntchitoyi imatha m'mphindi zochepa. Mayi wofuna kuwiritsa lita yomweyo ndi kutentha kotuluka pa sikweya mita imodzi ya matope a kumwera kwa nyanja, popanda ngakhale pang'ono potayika, angateleke mphika wake kumayambiriro kwa Meyi mwera ukuyamba, ndipo ungadzawire patapita masiku 125, m'sabata yoyamba ya Seputembala.